Gologolo ndi Ng'oma Yodziwa Mawu Awiri

Ndikulumbira pali manda a atate anga, pali mano anga otsalawa, pali chilichonse chimene mungandiuze kuti ndilumbirire: ngati m'nkhani ino muli bodza, ngakhale laling'ono ngati dzira la nsabwe, mphezi indiwombe pompano dzuwa likuswa mtengo! Ine kusukulu sindinapondeko, koma maso awa anaona zinthu zoti aphunzitsi anu atazimva angataye choko n'kuthawa. Ndiye khalani bwino. Amene ali nane avomere, amene sali nane akatole nkhuni.

Padangotero, kalekale, nyama zisanayambe manyazi oyankhula pamaso pa anthu, kutchire kunali chisakasa cha ng'oma. Chisakasacho chinalibe mwini. Chinali cha aliyense wokhala ndi makutu. Ukaona kanthu, kaya masau apsa, kaya alenje alowa ndi agalu, kaya chitsime chaphwa, unkathamangira kumeneko kukanena, ndipo anyani ankaiimba nkhaniyo pang'oma kuti tchire lonse limve. Anyaniwo sankalandira kanthu, ngakhale chitsononkho. Ankangobwera mwa kufuna kwawo akamaliza zakwawo. Aliyense wopeka kaimbidwe katsopano ankabwera nako, anzake n'kukayesa, kakakoma n'kukalandira.

Ng'omazo zinali zitatu. Panali Kamlomo, kosemedwa chaka chomwecho. Kameneko kankayankhula kuposa mlamu wanga ataledzera! Kankanena chimene chachitika, kumene chachitikira, ndi kothawira. Ine ndi makutu angawa ndinakamvapo kakulengeza kuti njuchi ina yabzungunyuka mwendo wakumanzere. Panali Nampakati, wa zaka zapitazo, amene ankanenanso zomwezo, kungoti mwachibwibwi. Ndiye panali Chimdidi.

Ha, Chimdidi! Chimenecho chinasemedwa mapiri akadali zulu. Chong'aluka, chodyedwa ndi chiswe, chosalira mpaka utachimata phula ndi kuchiwamba pamoto theka la tsiku. Ndipo chinkadziwa mawu awiri okha: chakudya, ndi maliro. Basi.

Tsono lamulo linali lakuti nkhani isatuluke pokhapokha itamveka chimodzimodzi pang'oma zonse zitatu. Chimene Chimdidi sichingathe kunena, Kamlomo nako kasanene. Wosunga lamuloli anali a Njiri, nduna ya ng'oma, amene mtima wawo unali wouma kuposa maondo awo.

Chaka china moto wolusa unabuka. Namzeze anafika wefuwefu: "Moto! Ukuchokera kummwera! Uzani onse athawire kumtsinje!"

Anyani anayang'anana. "Moto tiuimba bwanji pa Chimdidi?"

"Imbani chakudya," anatero wina, "poti moto umawotcha ziwala."

"Iyayi, imbani maliro, poti ena afa ndithu."

Anakangana, anamata phula, anawamba, kenako a Njiri anagamula kuti maliro. Ndiye mukudziwa ulemu wa nyama. Zitamva maliro zinasiya zonse, n'kuyamba kuyendayenda kufunsana kuti watisiya ndani, zina n'kulowera kumoto komweko zitanyamula ufa wachipepeso. Tsiku limenelo maliro anachitikadi, osati masewera.

Mmodzi mwa opulumuka anali Gologolo, mthenga wamba wa pachisakasa. Nyumba yake inapsa, mchira wake unatsala ngati wa khoswe. Chaka chitatembenuka, mkazi wake Nachisale anabereka ana m'mphako ya mtengo wa pakati pa tsekera, tiana tosatsegula n'komwe maso. Udzu unali utauma, ndipo anyamata osaka mbewa anali atayamba kale kuyendayenda ndi machesi m'matumba.

"Bambo a ana," anatero Nachisale, "chaka chino ndikamva maliro, ndidziwiretu kuti ndi a ana angawa?"

"Usatero, mayi."

"Nanga nditani? Ndi ana kukamwa ndingathawe kamodzi kokha. Ndikalakwa njira, kwatha. Pitani kwa a Nduna, musachititse manyazi ndevu zanuzo."

Gologolo anathamangira kwa a Njiri, n'kuomba m'manja. "Wawa a Nduna! Ndabwera ndi kapempho kakang'ono ngati ine ndemwe. Chimdidi chipume. Tizimvera ziwiri zinazi."

A Njiri anafwenthera mpaka fumbi linaphimba dzuwa. "Iwe kamchira kopserera, wabadwa dzulo! Alipo amene amamva Chimdidi chokha. Tiwataye?"

"Ndani amenewo, wawa?"

"Ambiri."

"Ambiri ndi dzina la mtundu wanji? Nditchulireni, ndikawaone."

A Njiri anakanda pansi, anayang'ana kumwamba, n'kutchula atatu: a Fulu, mkulu wa ankhoswe, a Fisi, kapitawo wa alonda, ndi Mayi Nsato, phungu wamkulu wa tchire lonse. "Pakatsala ngakhale mmodzi womvera, Chimdidi sichichoka. Koma ukandionetsa ndi maso angawa kuti onse atatu amamva Kamlomo, ndichichotsa ndekha."

"Anyani, mwamva?" anatero Gologolo.

"Tamva!" anakuwa anyani, amene m'manja mwawo munali mutatupa ndi phula lotentha.

Ndiye Gologolo ananyamuka akuimba kanyimbo kake. Kanali kanyimbo kodumphadumpha ngati iye mwini, kofunsa kuti ndani akumverabe nkhalamba ya mawu awiri, ndipo anyani ankavomera ndi m'manja, kuloza chiswe. Kankakoma kanyimbo kameneko moti mitengo youma inkaphuka masamba kuti ipeze chogwedeza.

Woyamba anali a Fulu. Amenewa ndi aja ananyamuka kupita kuchinkhoswe cha mwana wawo n'kukafika paukwati wa mdzukulu.

"Ine za Kamlomo ayi," anatero a Fulu. "Phokoso la ana. Kakangoyamba ndimalowetsa mutu m'chigoba."

"Mwanena zoona, agogo," anatero Gologolo. "N'chifukwa chake tachikonza Chimdidi. Tachimata phula la njuchi za kutali, mawu achita kuyera. Tamverani."

Anakhosomola kawiri, ndipo kuseri kwa chulu ng'oma inayamba kulira. A Njiri, amene anabwera kudzachitira umboni, anaizindikira pomwepo, koma asanatsegule pakamwa a Fulu anali atatulutsa kale khosi lonse.

"Eya! Imeneyo ndiyo ng'oma ya makolo! Imvani mmene ikuyankhulira mwaulemu. Ikuti masau agwa kum'mawa kwa chitsime chouma, ndipo akupsa bwino ndi a nthambi ya m'munsi. Kanu kaja kangayankhule Chichewa chomveka chotere?"

"Tiyeni mukaipatse moni, agogo."

Atazungulira chulu anapeza nyani atakhala phee, Kamlomo kali pakati pa miyendo. A Fulu anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi kameneka?"

"Ndi komweka."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti kamayankhula?"

"Munali m'chigoba, agogo."

 A Fulu anangotembenuka n'kulunjika kum'mawa, ndipo ndikukuuzani, tsiku limenelo Fulu anathamanga mpaka kutulutsa fumbi.

"Mmodzi yekha ameneyo," anang'ung'udza a Njiri.

Gologolo anayambanso kanyimbo kaja, ulendo uno atawonjezamo za chigoba chotseka makutu, anyani akuvomera mokweza kuposa poyamba.

Wachiwiri anali a Fisi. Amenewa nkhani yawo inali ina. Chimdidi ankachikonda chifukwa chikati chakudya, iwo ankadya. Chikati maliro, ankadyanso. Ndipo chisokonezo cha moto chija chinawanenepetsa mpaka khosi kusowa.

"Ndikulumbira pamaso panu, a Nduna," anatero a Fisi, dzanja lili pachifuwa, "Kamlomo ine sindikamva ngakhale liwu limodzi. Makutu anga ndi akale."

"Pepani, a Kapitawo," anatero Gologolo. "Ndiye takhalani pompa pafupi ndi a Nduna, anyani ayeseko ng'oma pang'ono. Inu sizikukhudzani."

Kamlomo kanayamba. Kanati mvuu yafa.

"Mwamvapo kanthu, a Kapitawo?"

"Phokoso chabe."

Kamlomo kanati mvuuyo ndi yonona, mafuta akuchita kutuluka okha m'makutu.

"Nanga dovu limeneli?"

"Chimfine, mphwanga. Chimfine cha m'kamwa."

Dovulo linayenderera mpaka linakumba khwawa, ndipo khwawalo lilipo mpaka lero, ine ndinawedzamo milamba. Kamlomo kanapitiriza. Kanati mvuuyo ili padooko la kumpoto, chiwindi chili pamtunda, miimba sinadziwe, koma ikubwera.

 A Fisi anadziluma mchira. Anayang'ana a Njiri, anayang'ana kumpoto, anayang'ananso a Njiri. Kenako, abale anga, pamene anakhala panangotsala fungo! Anadutsa pakati pa miyendo ya nyani, anagumula chulu, molunjika kumpoto ngati muvi.

Dzuwa litapendeka anabwerako, lilime lili panja, minga thupi lonse. "Iwe kagologolo! Mvuu ija ili kuti?"

"Mvuu yake iti, a Kapitawo? Inu Kamlomo simukamva."

Anyani anaseka mpaka ena kugwa chagada. A Njiri sanaseke. "Awiri," anatero. "Koma kwatsala Mayi Nsato. Amenewo zaka zonsezi agona pakhomo pa phanga lawo osasuntha, mutu utaloza kuno, kumvetsera Chimdidi. Pita ukawafunse wekha, ngati uli ndi chiwindi."

Apa anyani anasiya kuseka. Kwa Mayi Nsato kunalibe wofikako. Onse ankangowaonera patali n'kuomba m'manja, chifukwa womaliza kuwapatsa moni pafupi anali mbawala, ndipo yankho lake sitinalimve.

Koma mphepo inali itayamba kununkha utsi wa kutali. Gologolo anakumbukira tiana take, n'kunyamuka. Kanyimbo kaja anakaimbabe, koma motsitsa, ndipo panalibe wovomera.

Atafika anaima patali. "Odi, mayi!"

Zii.

"Odi kuno, Mayi Phungu! Ndine mwana wanu Gologolo, wowonda, wopanda mnofu, wowawa ngati ndulu!"

Zii.

Anatola kanthanga ka sau n'kuponya. Kanagunda pamutu n'kulira ngati pa chikwatu chouma. Anasendera. Kamphepo kanaomba, ndipo Mayi Nsato anatukuka pang'ono n'kugwanso. Ha! Sanali Mayi Nsato ayi. Chinali chikhungu chimene anafundula kalekale, chopanda kanthu m'kati, choonekera ngati pepala. Tchire lonse linkaombera m'manja chikhungu! Anyani ankapsa zala ndi phula chifukwa cha chikhungu!

Gologolo anafuna kuthamanga kukanena, koma anaima. A Njiri akhulupirira mawu a mthenga wamba? Kubwera kuno sangabwere, amaopa. Ndiye anachita chimene ine ndekha ndi iye tingachite. Analowa m'chikhungumo, n'kumathamanga kuchokera kumutu kupita kumchira, kumchira kubwerera kumutu, mwaliwiro loti chikhungu chonse chinadzaza n'kuyamba kukwawa. Musaseke, zimatheka. Ine ndinachitapo zimenezi m'thumba la feteleza, anthu n'kuthawa poganiza kuti muli amuna asanu.

Anyani ataona chinjoka chikubwera pachisakasa anasokonezeka mitu. Mkulu wawo, mwa mantha, anaiwala lamulo, n'kugwira Kamlomo kokha: Mayi Nsato afika pachisakasa! Mayi Nsato afika pachisakasa! A Njiri anagwada, ndipo poti amadya chogwada kale, anachita kugona chafufumimba.

"Njiri!" anatero Gologolo m'chikhungumo, atakulitsa mawu. "Ndamva kuti ukunamizira ine. Chimdidi chako ine ndinasiya kalekale kuchimvera. Chichotse lero!"

"Wawa, mayi! Koma mawu anu achepa bwanji, mayi?"

"Chifuwa! Usandifunse mafunso!"

Zinthu zinali zitatsala pang'ono kutheka. Koma mwadzidzidzi udzu unagawikana, ndipo kunatulukira mutu waukulu ngati mtondo. Mayi Nsato enieni! Mutu unafika pachisakasa mchira ukutsanzikabe anansi kutsidya kwa mtsinje, kumene anasamukira zaka zambiri zapitazo.

"Ndamva pang'oma kuti ndafika pachisakasa," anatero, mawu ozizira ngati madzi a m'phanga. "Ndiye ndati ndikadzione. Ndani ameneyu wavala ine?"

Chikhungu chinaphwa pomwepo, n'kutsala kachotupa kamodzi kakunjenjemera pakhosi.

"Tuluka."

Gologolo anatulukira kukamwa kwa chikhungu, n'kupezeka ali pafupi ndi kukamwa kwenikweni. Lilime la Mayi Nsato linamukhudza ndevu. Koma mutu wa kanyama kameneka, abale, unkazungulira kuposa chigayo.

"Wawa, mayi! Ndimakubweretserani chovala chanu. A Nduna awa akhala akuuza tchire lonse kuti mukuvalabe chimenechi. Ine ndinati ayi, mayi athu ndi aakulu, sangakwanemo. Iwo anati ayi, ndi omwewo, sanakule, angogona pakhomo ngati chingwe chotayidwa. Ndiye ndati ndibwere nacho muyese, tione wonama."

Mayi Nsato anayang'ana chikhungucho, chowonda, chotuwa, chobooka. Anatembenukira kwa a Njiri pang'onopang'ono.

"Njiri. Ine ndingakwane umu?"

"Ayi, mayi! Ngakhale mchira wokha, mayi!"

"Ndafundula kangati chisiyireni chimenechi, iwe ukuchiomberabe m'manja? Wofuna kukula amavula, Njiri. Ukaumirira chikhungu chakale chimakutsamwitsa."

"Mayi," analowerera Gologolo, "mwati mwamva pang'oma. Ng'oma yake iti?"

"Kaja kolongolola. Nanga chinacho chimadziwa dzina langa?"

"Atatu!" anakuwa anyani onse pamodzi, ndipo kanyimbo kaja kanaphulika, aliyense akuvomera, ngakhale a Fisi ndi minga yawo.

Koma a Njiri anathamangira m'chisakasa n'kukumbatira Chimdidi. Misozi inayenderera m'njerewere za kumaso kwawo. "Simukudziwa inu," anatero. "Chikopa ichi ndi cha agogo anga aamuna. Anachipereka okha ali pafupi kufa, kuti azilankhulabe pakati pathu. Mukachichotsa, ndani adzawamvenso?"

 

Nthawi yomweyo Namzeze anagwa kuchokera kumwamba, nthenga zikufuka. "Moto! Anyamata a mbewa ayatsa! Ukuchokera kumadzulo, mphepo ikuukankhira ku tsekera! Kothawira n'kum'mawa kokha, kumchenga wa mtsinje!"

Ku tsekera! Kumene kunali Nachisale ndi ana! Anyani anakweza manja pamwamba pa ng'oma, maso ali pa a Njiri, chifukwa nduna inali isanagamule. Wina anali atayamba kale kufunafuna phula mwa chizolowezi.

Gologolo sanachitenso zanzeru. Anangogwira mwendo wa a Njiri. "A Nduna, agogo anu anapereka chikopa kuti nyama zipulumuke kapena kuti zipse? Palibe akuti tiwatenthe. Atengeni kwanu, muziwaimba mmene mungafunire, wofuna kuwamva azibwera kwa inu. Koma ana anga sangadikire phula."

A Njiri anayang'ana utsi, anayang'ana Chimdidi.

"Mukuyang'ana chiyani, anyani inu?" anakalipa. "Imbani ziwirizo! Imbani!"

Mayo ine, kulira kwake! Kamlomo kanang'amba thambo, Nampakati akutsatira pambuyo ndi chibwibwi chake: moto kumadzulo, thawirani kum'mawa, kumchenga, kumchenga! Mitambo inabalalika, nsomba zinatulutsa mitu kuti zimve. Tchire lonse linathamangira mbali imodzi ngati madzi a m'ngalande. Panalibe wofunsa kuti watisiya ndani.

Gologolo anauluka, sindikuti anathamanga, anauluka, kulowera ku tsekera. Anafika moto ukunyambita kale tsinde la mtengo wake. Anasuzumira m'mphako: mulibe kanthu.  Anatembenukira kum'mawa, utsi uli m'maso, mpaka anatulukira pamchenga pamene nyama zonse zinaunjikana.

"Nachisale! Nachisale!"

"Mukukuwa chiyani, mudzutsa ana," anatero mawu kuseri kwa a Fulu. Nachisale anali atakhala pamenepo, tiana tonse tili pamimba, palibe ngakhale kaubweya kamodzi kopserera. "Ng'oma yangoti kum'mawa, ine n'kunyamula. Inu ndiye mwachedwa. Munali kuti tsiku lonse?"

"Ndinali m'mimba mwa nsato, mayi."

"Bodza lanulo mudzafa nalo."

Moto utazima, a Njiri anakatenga Chimdidi. Anachikoka mpaka kuuna kwawo, koma pakhomo panali pothina, ndiye analowa chambuyo, akuchikoka ndi mano pang'onopang'ono kuti agogo asakhumudwe. Anazolowera choncho, ndipo ana awo anatengera. Pitani mukaone njiri iliyonse lero, imalowa kuuna chambuyo. Nthawi zina mukadutsa pafupi mumamva pansi pakulira di, di. Musathawe, musanyamulenso ufa wachipepeso. Ndi a Nduna akucheza ndi agogo awo.

Mukuti chiyani kumbuyoko, a Chikaonda? Mukuti njoka ilibe makutu, ndiye Nsato akanamva bwanji ng'oma kutsidya kwa mtsinje? Taonani munthu ameneyu! Inu munayamba mwamugwira Nsato mutu n'kumufunyulula kuti muone? Ine ndinamunong'onezapo, ndipo anandiyankha kuti ndisakuwe. Zamkutu zimenezo, a Chikaonda, zamkutu! Makutu muli nawo inu awiri aakulu ngati zipande, nanga mwamvapo chiyani chiyambire?